Mipanda ya Kwathu ku Lundazi

M'mwezi wa Ogasiti chaka chatha ndinatsika basi pa Boma la Lundazi n'kukwera njinga yamoto kupita kwa atsibweni anga, omwe atapuma pantchito anamanga nyumba kumapeto kwa tauni. Nditafika ndinaima pa geti n'kunena kuti, "Odi!" Ndinabwereza kachiwiri, kachitatu. Amene anayankha ndi galu yekha. Mnyamata wanjingayo, yemwe ankadikira ndalama yake, anaseka n'kunena kuti, "Amdala, pano odi sagwira ntchito. Tolani mwala mugogode, kapena aimbireni foni." Ndinatola mwala. Chitsulo chinalira ngati belu la pasukulu, ndipo patapita kanthawi kazenera kakang'ono ka pa getipo kanatseguka, diso limodzi n'kundisuzumira.

Mpandawo ndi wa mabuloko a simenti, wautali kuposa munthu atakweza mkono, ndipo pamwamba pake anazikapo magalasi a mabotolo osweka. Atsibweni anandiyendetsa kuuzungulira wonse asanandionetse n'komwe m'nyumba. "Akuba, mphwanga," anatero, akusisita khoma ngati akusisita ng'ombe yonenepa. Sindinawatsutse. Koma amenewa ndi munthu yemwe anandiphunzitsa kumanga mpanda wa tsekera ndili mwana, ndipo usiku umenewo, nditagona m'chipinda chomwe zenera lake limayang'anana ndi simenti, ndinayamba kuwerenga mipanda yonse yomwe ndaiona ndi yomwe ndinaimva kwa akuluakulu.

M'mudzi momwe ndinakulira, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwase, panalibe nyumba ya munthu yokhala mumpanda. Njira yopita kuchitsime inkadutsa pakhomo pa agogo, n'kukhota kuseri kwa nkhokwe ya azakhali, n'kutulukira pa mphala ya anyamata. Munthu akamapita kumadzi ankapatsa moni makomo asanu, ndipo pobwerera ankadziwa kale kuti ndani wadwala, ndani waphika nkhwani wotendera, ndani anagona osalankhulana. Mipanda inalipo yambiri, koma inkazinga zinthu zina: ng'ombe, nkhumba, dimba, bafa, kamtengo ka mango komwe mbuzi zikanakadya. Chomwe chinkatsekeredwa chinali chiweto, kapena chakudya, kapena maliseche. Anthu ankakhala poyera.

Komabe agogo anga aakazi ankati sizinali choncho kuyambira kale. Amayi awo anabadwira m'linga. Liwu limeneli ankalitchula motsitsa, ngati akutchula dzina la apongozi. Nkhani yake imayambira kutali. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo mfumuyo itamwalira kumpoto, kufupi ndi nyanja ya Tanganyika, ana ake anagawikana. M'mbelwa anadzakhazikika ku Mzimba, kutsidya kwa malire a lero, pomwe Mpezeni anakakhala kumwera, kudera lomwe tsopano ndi Chipata. Dziko la Lundazi linatsala pakati pa mikondo iwiri, ndipo kuwonjezera apo munkadutsa amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera kunyanja. Achewa ndi Atumbuka omwe sanagonje kapena kuthawira kuchigwa cha Luangwa anadzitsekera. David Livingstone, podutsa m'dziko la Achewa kumapeto kwa 1866 akulowera ku Luangwa, analemba za midzi yozingidwa ndi mitengo ndi za mantha omwe anthu anali nawo pa Angoni, omwe iye ankawatchula kuti Mazitu.

Malinga ndi agogo, linga linkamangidwa pafupi ndi madzi, chifukwa adani akakuzingani chomwe chimakutulutsani msanga ndi ludzu. Ankazika mitengo ikuluikulu mothithikana, kunja kwake n'kubzala nkhadze ndi minga. Madera ena ankaumba khoma ladothi, lomwe akuluakulu ena ankalitcha chemba, n'kusiya timabowo toponyera mivi kapena kulozetsa mfuti zagogodera. Chipata chinali chimodzi, chopapatiza, choti munthu alowe chowerama. Dzuwa likamalowa ankachitseka ndi mipiringidzo, ndipo wochedwa kumunda ankagona mumtengo. M'katimo munali anthu, nkhokwe, mbuzi, nkhuku, utsi ndi fungo, zonse pamodzi. Agogo ankati nthomba ikalowa m'linga inkamaliza anthu kuposa Angoni. Pa mfundo ya kukula kwake akuluakulu sankagwirizana. Agogo aamuna ankati linga la makolo awo linali lotha kusunga midzi itatu, mlongo wawo n'kumawatsutsa pamaso pathu kuti linali kabwalo chabe ndipo anthu ankagona mopanikizana ngati mbewa zapampani.

Chomwe onse ankavomerezana n'chakuti mpandawo unali umodzi, wa mudzi wonse. Aliyense ankasenza mtengo wake, ndipo pamene pawola panali pa aliyense, chifukwa mdani akalowera pamenepo sakafunsa kuti mbali iyi anamanga ndani. Nkhondo zitatha malinga anatha nawo. Asilikali a Angerezi anagonjetsa Mfumu Mwase ya ku Kasungu kumapeto kwa 1895, n'kuthyola mphamvu za Mpezeni mu Januwale 1898, ndipo m'zaka zotsatira anthu anatuluka, n'kumwazikana m'midzi ing'onoing'ono m'mbali mwa madambo. Tili anyamata tikuweta ng'ombe tinkapeza malo ena m'thengo pomwe nkhadze zakalekale zinamera mozungulira, pakati pake pali mapale ndi mphero yosweka. Tinkauzidwa kuti tisamaseweremo. Tinkaseweramo ndithu.

Angoni eni ake anali ndi nzeru ina pa mpanda. Iwo sankabisala kuseri kwa mitengo, chitetezo chawo chinali chishango ndi mbiri yawo. Mpanda wawo waukulu unali pakati pa mudzi, ndiwo chibaya, khola la ng'ombe, ndipo nyumba zinkamangidwa molizungulira. Kumpoto kwa Boma, kwa Magodi ndi kwa Phikamalaza, komwe mayina a malo monga Emusa ndi Egichikeni amakukumbutsa Embangweni ndi Ekwendeni a ku Malawi, chibaya sichinali pogona ng'ombe pokha. Amuna ankakambiramo milandu, ingoma inkavinidwa pamenepo, ndipo mwini mudzi akamwalira ankaikidwa pafupi ndi ng'ombe zake. Mnzanga wa kusukulu wochokera kumeneko anadabwa kwambiri atabwera kwathu n'kupeza khola lili kumphepete kwa mudzi, kufupi ndi dzala. Anandifunsa ngati ng'ombe zathu zinalakwa.

Linga lomaliza kumangidwa ku Lundazi, ngati tingalitchule choncho, linamangidwa nkhondo zitatha kalekale. Bwanamkubwa wa boma wa nthawi ya atsamunda, Errol Button, anayamba mu 1948 kumanga nyumba ya alendo ya njerwa yofanana ndi malinga a mafumu akale a ku Ulaya, yokhala ndi nsanja zozungulira ndi mano pamwamba pa khoma pobisalira oponya mivi. Ndiyo Castle Hotel, yomwe ili pambali pa damu mpaka lero. Palibe muvi unaponyedwapo kuchokera pamenepo. Agogo aamuna ataiona koyamba akuti anafunsa kuti mzunguyo akuopa yani.

Mpanda womwe ine ndinaudziwa ndi manja anga ndi wa udzu. Ntchito yake inkayamba m'mwezi wa Juni, udzu utauma koma moto usanadutse. Amayi ankalawirira kudambo ndi zenga kukamweta tsekera, udzu wautali wa mapesi olimba, n'kubwera atasenza mitolo yoti kumaso sikuoneka, kumangooneka miyendo ikuyenda pansi pa udzu. Amuna ankalowa m'thengo kukadula nsichi ndi mbaliro. Pa nsichi ankafuna mtengo wosafumbwa msanga, monga muwanga, ndipo kunsonga yolowa m'dothi ankaiwaula pamoto. Ife ana ntchito yathu inali luzi. Unkasankha kamtengo ka mombo kowongoka, n'kukamenya ndi msana wa nkhwangwa, n'kusenda khungwa kuchokera pansi kukwera m'mwamba, kenako n'kulekanitsa chikopa chakunja ndi luzi lofewa lam'kati. Luzi likauma linkaviikidwa m'madzi usiku wonse. Fungo lake ndikulimvabe, lowawasira pang'ono, ndipo m'manja munkatsala madontho akuda osachoka ndi sopo.

Pomanga pamafunika anthu awiri, wina mkati wina kunja. Mbaliro zimayenda ziwiriziwiri, udzu n'kukhala pakati pake. Wakunja amabaya luzi ndi kamtengo kosongola, wamkati n'kulandira, kulikoka, kulibweza. Simuonana nkhope, mumangomvana mawu ndi kuona zala zikutuluka mu udzu. Atsibweni ankati ukafuna kudziwa mtima wa munthu umange naye mpanda, chifukwa waulesi amakoka luzi mofooka podziwa kuti mbali yake sukuiona. Pomaliza ankadula nsonga za udzu kuti zilingane, ndipo ena aluso ankaluka mzere wapamwamba ngati tsitsi. Kwa ife Achewa ntchito imeneyi inkagwera kwambiri akamwini. Mwamuna wobwera kudzakhala kwa mkazi ankayesedwa ndi nkhokwe, khola ndi bafa la apongozi, ndipo bafa likapendekeka mvula yoyamba, nkhani inkafika kuchitsime iye asanadzuke.

Mpanda wotere sunkakhalitsa. Chiswe chinkayamba ntchito yake tsiku lomwelo, mbuzi zinkadzikanda pamenepo, ndipo m'mwezi wa Seputembala anyamata osaka mbewa akayatsa tchire, mphepo ikatembenuka, mpanda wonse unkatha nthawi yochepa kuposa yomwe munthu amadyera nsima. Chaka chilichonse, kapena pakapita ziwiri, unkamangidwanso, ndipo pomanganso unkafunanso mnzako woima mbali inayo.

Udzu sutchinga mawu, ndipo ulemu wathu wambiri unakulira pamenepo. Munthu wodutsa pafupi ndi bafa akamva madzi akukhavukira pamwala ankatsokomola kapena kuyamba kaluzu, wosambayo n'kuyankha ndi chifuwa chake. Chitenje chopachikidwa pampanda chinali chokwanira kuuza aliyense kuti muli munthu. Mlendo ankaima patali n'kunena odi, kapena kuwomba m'manja, ndipo yankho linkabwera kuchokera kulikonse komwe mwini khomo ali, kaya kuseri kwa nkhokwe kaya m'bafa momwemo: "Odini, fikani, ndikubwera!" Aliyense ankadziwa kuti mpanda wa udzu mwana akhoza kuubowola ndi chala. Amene ankachita zimenezo ankakwapulidwa ndi mayi aliyense yemwe wamupeza, osadikira make.

Kudimba ndiko kunali mipanda ya ntchito yeniyeni, ndiponso milandu yambiri. Anthu akamaliza kukolola chimanga ndi kukumba mtedza wa Chalimbana, ziweto zinkamasulidwa kuti zizidya mapesi paliponse, abusa n'kupuma. Nthawi yomweyo ndi imene kudambo kunkabiriwira mpiru, repu, matimati, anyezi ndi nzimbe. Choncho dimba lililonse linkazingidwa ndi nthambi za minga, za mthethe kapena kankhande, zosanjikizidwa mpaka m'chiuno, ena n'kubzala khonje kuti mpanda ukhale wamoyo. Lamulo lake, monga ndinkalimvera pabwalo la anyakwawa, linali losavuta. M'dzinja ng'ombe ikadya mmera, wolakwa ndi mwini ng'ombe, chifukwa nthawi imeneyo chiweto chimayenera kukhala ndi mbusa. M'chilimwe ng'ombe ikalowa m'dimba, funso loyamba linkapita kwa mwini dimba: mpanda wako unali bwanji? Ndikukumbuka nduna zikupita kukayendera pomwe ng'ombe inalowera, zikugwedeza minga ndi ndodo, mkulu wina n'kugamula kuti pamenepa ngakhale kamwana kokwawa kakanalowa. Mwini dimba anabwerera wopanda kanthu, ndipo madzulo ake anamuona akukoka minga.

Minda ikuluikulu inalibe mpanda. Malire anali chulu, mtengo wa muula, kapena mzere umodzi wosiyidwa osalima, ndipo ankasungidwa m'mitu ya anthu omwe analipo tsiku lomwe mfumu inaloza. Ena ankatchera chambu m'munda, mankhwala oti wakuba akalowa asapeze njira yotulukira kapena atupe miyendo. Kaya chinkagwira kaya ayi, kachigoba ka nkhono kolendewera pamtengo kankasunga maungu kuposa waya. Dambwe la Gule Wamkulu nalonso linalibe nsichi ngakhale imodzi, koma wosameta sankayerekeza kuponda njira yake, ndipo kumanda munthu sankalowako popanda adzukulu. Ngakhale mumtsinje munali mpanda, biyo, womwe amuna ankazika modula madzi n'kusiya mipata yoikamo mono, nsomba n'kumadzilowera zokha.

Waya waminga, womwe Joseph Glidden analembetsa ku America mu 1874 kuti azitchingira ng'ombe m'zigwa zopanda mitengo, kwathu unafika ngati chizindikiro cha boma. Tinkauona pa polisi, pa ndende, pa depoti yogulitsira chimanga, pa munda wa sukulu. Ukaona waya unkadziwa kuti mkatimo muli zinthu zolembedwa m'buku. Munthu wamba akapeza chidutswa chake ankayanikapo zovala. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono, makamaka lamulo la malo la 1995 litatsegula njira yoti munthu, mfumu ndi khonsolo zikavomera, asandutse malo a makolo kukhala a pepala kwa zaka 99. Kuyambira pamenepo mpanda unayamba kunena chinthu chomwe mpanda wa tsekera sunanenepo, chakuti dothi ili ndi langa. Munthu amatha kuzika mapolo ndi waya pamalo pomwe sanalimepo kapena kumangapo kanthu, iye ali ku Lusaka, waya n'kumalondera udzu. Njira yomwe tinkadutsa popita kuchigayo inatsekedwa motero. Amayi tsopano amazungulira mtunda wowirikiza atasenza matumba, ndipo pena pake pansi pa waya pali pokumbika, posalala, pomwe ana asukulu amakwawira.

Mpanda wa njerwa unachokera m'tauni. Kale unali wa kumayadi, ku Lusaka ndi ku Migodi, ndipo amene anagwirako ntchito anabwera nawo m'mutu pamodzi ndi penshoni. Lero pa Boma munthu amayamba mpanda nyumba isanafike pa lintala. Sindikufuna kunamizira kuti zifukwa zake n'zopanda pake. Pakhomo pa masiku ano pali solala, njinga yamoto, matumba a soya odikira mtengo wabwino, zinthu zoti munthu mmodzi akhoza kunyamula usiku n'kukagulitsa kutsidya kwa malire kusanache. Ng'ombe nazo zimabedwa, mwakuti makola omwe anali kumphepete kwa mudzi anasendezedwa kufupi ndi zenera la mwini wake. Tsekera wachepa chifukwa madambo alimidwa, mitengo ya mombo yapita ku makala ndi ku zigafa za fodya, ndipo amene akumangabe mpanda wa udzu amamangira timizere ta matayala akutha kapena ta moskito neti. Amene angakwanitse simenti amamanga kamodzi n'kuiwala.

Koma masiku anayi omwe ndinakhala kwa atsibweni ndinaona kuti akazi awo, omwe anakulira m'mudzi ngati ine, madzulo aliwonse ankanyamula mpando ndi lichero la mtedza n'kukakhala kunja kwa geti, m'mphepete mwa msewu. Mkatimo muli khonde labwino ndi mthunzi wa mapeyala. Nditawafunsa anati mkati mumawasowetsa mpweya. Anandiuzanso kuti mwezi wapitawo kunachitika maliro nyumba yachitatu kuchokera pawo, ndipo iwo anamva m'mawa mwake kudzera pa WhatsApp. Kulira sikunadutse makoma atatu. Ananena zimenezi mwamanyazi, ngati kuti iwo ndi amene analakwa.

Ndisanabwerere ndinapita kukaona msuweni wanga amene amalima kum'mwera, m'dera lomwe mpaka 2018 linali mbali ya boma la Lundazi koma tsopano lili ku Lumezi. Midzi ya kumeneko, ya kwa Chikomeni ndi kwa Mwasemphangwe, ili pakati pa nkhalango ziwiri zosungira nyama, Lukusuzi kumadzulo ndi Kasungu kum'mawa, kutsidya kwa malire. Pakati pa chaka cha 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Mpanda wamagetsi wa nkhalangoyo uli mbali ya kum'mawa, koyang'ana midzi ya ku Malawi, pomwe kumadzulo, komwe nkhalango imathera pa malire a mayiko awiriwa, n'kotseguka kuti nyama ziziyenda pakati pa Kasungu ndi Lukusuzi. Njovu sidziwa kuti apa ndi pa Zambia. Minda yadyedwa, nkhokwe zagwetsedwa, ndipo anthu afa mbali zonse ziwiri. Kumeneko ukatchula mpanda palibe amene amaganiza za mabuloko. Amafuna umodzi, wautali, wa midzi yonse, wonga womwe amayi a agogo anga anabadwiramo.

Pakadali pano akumanga womwe angathe. Msuweni wanga anazika mitengo kuzungulira dimba lake, n'kukokapo chingwe, n'kumangirirapo nsanza zoviikidwa mu oyilo wakutha wosakaniza ndi tsabola wosinja, njira yomwe alimi a kuchigwa cha Luangwa akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Pakatipakati anapachika zitini zokhala ndi timiyala. Fungo la tsabola limatha ndi dzuwa, ndiye pakapita masabata angapo amapakanso, maso akutuluka misozi. Anandipempha kuti ndimugwirire mbali ina ya chingwe, iye ali mkati ine ndili kunja, ndipo ndinazindikira kuti zala zanga zikukumbukabe mfundo ya atsibweni. Dzuwa litapendeka anakwera pa nsanja yolondera yomwe anamanga pa chulu, n'kunditsitsira dzanja. Pamwambapo panali bulangete, tochi, mbaula ya ndowe zouma zosakaniza ndi tsabola, ndi chigubu chachitsulo. Anandipatsa chigubucho ndi ndodo.

"Mukamva zitini zalira, asuweni, musadikire kuti muione," anatero. "Muzingomenya."